Njinga Imene Inkazima Pakhomo Pathu

Nyumba imene ndinakuliramo inali pamwamba pa chitunda, panjira yafumbi yochoka m'midzi ya kwathu kupita kwa Chiringa. Chitunda chakecho sichinali chachikulu. Wapansi ankachikwera akucheza, wapanjinga yakapalasa ankatsika n'kumakankha, mwina n'kupempha madzi akumwa pakhomo pathu. Koma kwathu ku Phalombe n'kuchigwa, ndiye kuchoka m'mudzi mpaka ku Migowi, malo okwera anali omwewo basi. Pakhomo panali mtengo wa mango, kuseri khola la mbuzi, ndipo ukaima pakhonde m'mawa unkaona phiri la Michesi litafunda mtambo.

Ndinkakhala ndi amayi anga aakulu, a Dorofe. Amayi ondibereka anamwalira ndili wakhanda, moti nkhope yawo sindiidziwa. Mayi amene ndinkawadziwa ndi amene ankandikhula msana ndi mwala pondisambitsa mpaka ndilire, kenako n'kundipatsa chipande chokhala ndi phala kuti ndinyambite. A Dorofe anali amasiye, ana awo onse anapita ali aang'ono, ndipo anali ndi pakamwa. Munthu akalakwa sankadikira kuti achoke kaye. Ankaphika kalongonda wokagulitsa pamsika, nyemba zija zofuna kuwiritsa tsiku lonse uku ukutaya madzi, apo ayi zimakuzunguza mutu. Anthu ankati wophika ndi chophikidwa n'zofanana. Ine ndinkawaopa, ndipo ndinkawakonda kuposa munthu aliyense.

Mlongo wawo wamng'ono, amalume anga a Diyasi, ndiwo anali mwinimbumba. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malume akanena za iwe, zatha. A Diyasi ankagula nandolo m'midzi n'kukagulitsa kwa amalonda ku Migowi. Chaka chimene ndinali Sitandade 4 anaoloka malire n'kubwera ndi njinga yamoto yofiira, yoyamba m'mudzi mwathu. Ana tinkaithamangira kuti tingonunkhiza petulo. Amalume nawo anasintha kayendedwe, moni anayamba kupereka ndi belu.

Tsiku lina amayi anali atayanika ufa pamphasa. Amalume anatulukira pachitunda paja liwiro lili m'manja, thumba la nandolo kumbuyo, fumbi lonse n'kukathera pa ufa. Amayi anaimirira, manja m'chiuno, n'kukuwa moti ndi a kumjigo omwe anamva.

"Iwe Diyasi! Ndinakubereka kumbuyo ine, mamina ndikukupukuta! Chinjinga chakocho tsiku lina chidzaima pano kundipatsa moni!"

Anthu anaseka, ine ndinaseka nawo, ufa tinaupeta. Ikanakhala nkhani ya tsiku lomwelo. Koma pasanapite nthawi, njinga ija inayambadi kuima pakhomo pathu.

Inkabwera bwinobwino kuchokera kumunsi, matumba atamangidwa ndi mphira. Ikafika pakati pa chitunda inkayamba kutsokomola, kenako kugwedezeka ngati mbuzi yotsamwa, ndipo pofika pamtengo wa mango, zii. Amalume ankatsika, kukankha kupitirira nyumba yathu, kumenya kiki, njinga n'kulira ngati sinalakwe. Njira yonse mpaka ku Migowi inkayenda osadandaula. Pobwerera madzulo, potsika chitunda chomwecho, inkaphulika ku ekizozi ngati mfuti, nkhuku zathu n'kubalalika. Tsiku ndi tsiku, malo omwewo.

Anthu aja anaseka mawu a amayi anayamba kuwakumbukira mwa mtundu wina. Kumjigo ndikaika ndowa pamzere, ndowa zoyandikana nazo zinkasunthidwa pang'ono. Anzanga amene tinkasewera nawo fulaye anayamba kuitanidwa kwawo ine ndikangofika. Kalongonda ankabwerera kuchokera kumsika poto ali wodzaza, ndipo tinkamudya tokha mpaka kutopa naye. Kusukulu mtsikana wina anandifunsa ngati n'zoona kuti usiku ndimaphunzitsidwa kuuluka pa lichero. Ndinamumenya, aphunzitsi n'kundipatsa chibalo chozula chitsa. Amalume nawo anapita kwa sing'anga, ndipo tinkaona kachithumwa kakuda kakulendewera pansi pa chishalo. Njinga inazimabe, kachithumwa kali pomwepo.

Kenako amalume anabwera pakhomo wapansi. Amayi anawayalira mphasa, iwo anakana kukhala. Anaima panjira, maso akuyang'ana denga la khola, n'kunena kuti abale akambirana: mwana wa malemu sangapitirize kukhala pakhomo pokayikitsa. Nandolo akangotha, ine ndikakhala kwa iwo. Ndinali kuseri kwa chitseko ndipo ndinamva mawu alionse. Kwa amalume sikunali koipa, ankadya bwino kuposa ife, koma ndinkadziwa kuti mwana wochotsedwa pakhomo pa mfiti sabwererakonso ngakhale kukacheza. Ndinkadziwanso kuti nkhalamba imene yalandidwa mwana imatsala yokha, ndipo anthu saopanso kuigenda.

Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti amayi sanayankhe. Munthu amene ankatha kukangana ndi tambala anangokhala chete. Madzulo ake anatenga yunifolomu yanga n'kumasoka batani limene silinali lothothoka, ndipo ndinaona ulusi ukulephera kulowa m'singano.

Chete wawoyo sanakhalitse. M'mawa wina njinga inatsokomola monga mwa masiku onse n'kuzima pamtengo wa mango. Amalume asanatsike bwino, amayi anatuluka ndi chingwe cha mbuzi. Anamanga tayala lakutsogolo kumtengo, mfundo yake yomangira tonde, kenako anakhala pansi n'kutsamira thumba la nandolo.

"Achemwali, mukutani?"

"Si mukuti ndailodza? Ndiye yakhala yanga. Ichoka pano akaiona makaniko."

"Makaniko adziwa chiyani pa zinthu ngati izi?"

"Akalephera, mwanayu umutenge lero lomwe. Kathumba kake ndimanga ndekha."

Ndinawayang'ana kukamwa kuli yasa. Anandiika pa juga! Ine, Mesi, mwana wawo yekhayo, anandipachika pa luso la munthu amene sanamuonepo. Ndinakwiya, ndinaopa, ndipo ndinakakhala pakhonde nditakumbatira nsanamira ngati wina ayamba kale kundikoka. Amayi anagwira tambala wathu wamkulu, kumumanga miyendo, n'kupempha bambo wina wodutsa panjinga yakapalasa kuti akamupereke kwa makaniko wa kwa Chiringa ndi uthenga woti abwere.

Makanikoyo anafika dzuwa litapendeka, pamtengo patadzaza kale anthu. Dzina lake anali a Saizi, bambo wamfupi wa ovolosi yong'ambika m'mawondo, zitsulo zake zili m'thumba la feteleza. Anali wodzitama kuposa amalume. Asanakhudze n'komwe njinga anatiuza kuti anaphunzira ntchito ku Limbe, kuti njinga zimamuuza zokha matenda awo, ndiponso kuti tambala uja ndi wowonda. Anaona kachithumwa kaja, n'kungokakankha ndi chala.

Anayamba ndi kumasula pulagi, kachitsulo kamene kamayatsa moto mu injini. Anakakweza m'mwamba kuti tonse tione. Kunsonga kwake kunali mbuu, ngati phulusa la mapesi.

"Njala iyi," anatero a Saizi. "Njinga simwa petulo yekha, imamwa wosakaniza ndi mpweya. Wosakaniza wake ndi uyu, kabuleta. Petulo akachuluka, pulagi imada ngati kunsi kwa poto, utsi kumbuyo tolo. Akachepa, imayera chonchi, injini imatentha, mphamvu palibe. Bwana, inu mungalime ndime mutamwa phala lamadzi?"

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kochenjera, kosafuna kuoneka kuti ali mbali iti. Ine ndinamva kachiyembekezo kakulowa. A Saizi analoza kasikuluu kamkuwa m'mbali mwa kabuleta, n'kunena kuti nkhani yonse ili pamenepo, ntchito ya mwana. Anakapotoza pang'ono ndi sikuludiraiva, anabwezera pulagi, amayi anamasula chingwe, iye n'kumenya kiki. Njinga inalira mokoma. Anatsika nayo mpaka kumunsi matumba ali pomwepo, anatembenuka, ndipo tinamumva akubwera. Pakati pa chitunda inatsokomola. Inagwedezeka. Pamtengo wa mango, pamaso pa mudzi wonse, zii.

Sindidzaiwala phokoso limene anthu anachita. Silinali kukuwa, linali kung'ung'udza kwa anthu amene atsimikiza chimene ankachidziwa kale. Mayi wina anakoka mwana wake kumuchotsa pafupi ndi khonde lathu. Amalume sanaoneke osangalala, ndiwanenere zoona, nkhope yawo inali yotopa. Anangoti, "Mesi, kalongedze zovala." Ndinayang'ana amayi. Anali chikhalire pansi, msana uli chilili, akuyang'ana makaniko.

"Tambala wanga mwadya kale?" anafunsa.

"Ayi mayi, ali kunyumba."

"Ndiye ntchito sinathe."

Chimene chinandipulumutsa tsiku limenelo sichinali chifundo cha a Saizi, anali manyazi awo. Munthu amene wauza mudzi wonse za ku Limbe sakanakwera njinga yake n'kubwerera chimanjamanja. Thukuta lili kamukamu, anasiya zolankhula. Anapempha poyala poyera, amayi n'kuyala mphasa ija ya ufa. Anatseka petulo, anamasula mapaipi, n'kuzula kabuleta yense. Kanali kachinthu kokwana m'manja, kofanana ndi mutu wa mpope. Anamasula kambale kake kapansi, petulo wotsala n'kutayikira m'dothi, fungo lake n'kudzaza pabwalo. M'katimo anatulutsa kachitsulo kena kamkuwa kochepa ngati njere ya chimanga, koboola pakati. Anati dzina lake ndi jeti, ndipo petulo yense amene njinga imamwa ikamakoka katundu amadutsa pa kabowo kameneko.

Anatseka diso limodzi n'kukayang'anitsa kudzuwa. Anakapukuta pa ovolosi, n'kuyang'ananso. Kenako anatembenukira kwa amayi n'kupempha singano. Anamupatsa yomwe ija yosokera batani. Anatokosa mosamala, lilime lili panja, ndipo pang'onopang'ono anasolola kanthu kopyapyala, konyezimira, kopindika kunsonga.

"Tsitsi!" anakuwa mayi wina. "Tsitsi la munthu!"

"Tsitsi lamkuwa munaliona kuti inu?" anatero a Saizi, mawu atabwerera mwakale. "Iyi ndi waya, ya m'chingwe cha wailesi. Bwana, kabuleta ameneyu anamutsegulapo ndani?"

Amalume anayamba ndi kukana. Kenako anakanda m'mutu. Kenako anayang'ana pansi, n'kunena motsitsa kuti anyamata ena a pasiteji ku Migowi anawauza kuti ali ndi nzeru yoti njinga isamamwe petulo wambiri. Anyamatawo anaitsegula amalume akudya chipisi, ndipo zoonadi, kuyambira tsiku limenelo botolo limodzi linkawafikitsa kutali. Anali asanaganizepo kuti nkhaniyi ikukhudzana ndi chitunda, poti njira yonse njinga inkayenda bwino. A Saizi anafunsa kuti zinachitika liti. Amalume anati masiku omwe aja a ufa.

A Saizi anafotokoza, tsopano akuyankhula ngati mlaliki. Waya ija inkachepetsa kabowo, ndiye petulo ankadutsa wochepa. Pamalo osalala njinga inkapirira. Koma pachitunda, matumba ali kumbuyo, munthu n'kukoka moto wonse, mpweya unkalowa wambiri petulo osakwana, injini n'kukomoka. Kuphulika kuja potsika inalinso njala yomweyo. Ndipo chitunda panjira yonseyi chinali chimodzi. Akanakhala kuti pamwamba pake panamangidwa tchalitchi, bwenzi tikunena kuti njinga yalodzedwa ndi abusa.

Apa anthu anaseka zenizeni. Ine sindinaseke. Ndinali nditaona kale njinga ikulira mokoma kenako n'kuzima, ndiye mawu okha sakanandimasula pansanamira.

Anauzira jeti ija ndi pakamwa, kuiyang'ananso kudzuwa, n'kubwezera zonse m'malo mwake. Atamenya kiki, njinga inalira mwaulesi, utsi wakuda uli tolo, moti amene anali kumbuyo anatsokomola. Ndinakumbatiranso nsanamira mwamphamvu. Koma a Saizi anati tsopano yakhuta mopitirira, chifukwa cha kasikuluu kaja anakapotoza poyamba. Anadikira kuti injini itenthe. Kenako anagwada, khutu pafupi ndi injini, n'kukweza dzanja kuti tonse tikhale chete. Mudzi wonse unamvera, ndi makanda omwe.

Anapotoza kasikuluu kulowetsa m'kati, pang'onopang'ono. Utsi unayamba kuchepa, kulira kunakwera, kenako injini inayamba kudodoma ngati ikufuna kuzima. Anaima. Anabwezera kunja, pang'ono kwambiri moti dzanja silinkaoneka kuti likuyenda. Kulira kunasalala. Anapitirira, kunayambanso kulemera. Anabwerera pakati. Ankafunafuna malo amodzi, monga mmene amayi ankasunthira chingwe cha nyali kuti iwale popanda mwaye. Atawapeza, ngakhale ine wosadziwa kanthu ndinamva kusiyana: njinga inkalira mofanana, mosathamanga, ngati munthu wogona bwino. Anakhudza kasikuluu kena kuti kulirako kutsike pang'ono, n'kuimirira akupukuta manja.

"Bwana, kwerani nokha. Onjezani thumba lina."

Anamangirira thumba linanso pamwamba pa aja. Amalume anatsika chitunda, ndipo sitinamve mfuti. Kumunsi anatembenuka. Ndinatseka maso, n'kumangomvetsera. Ndinkadziwa malo enieni amene inkayambira kutsokomola, pafupi ndi chulu, ndipo itafika pamenepo ndinasiya kupuma. Kulira kunangokula. Kunadutsa chulu, kunadutsa mtengo wa mango, fumbi linandimenya kumaso, ndipo nditatsegula maso amalume anali atapitirira kale nyumba yathu, akuchepera kutali panjira ya kwa Chiringa.

Manja anga anamasuka okha pansanamira. Ndinalira, kulira kwaphokoso kwa mwana wamng'ono, kopanda manyazi, ndipo thupi lonse linapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni umene ndinausenza kuchokera kuphiri. Amayi anabwera, anandipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje mwankhanza monga mwa nthawi zonse, n'kunena kuti ndisiye kuchititsa manyazi. Koma dzanja lawo linakhala pamutu panga nthawi yaitali.

Amalume atabwerera, a Saizi anamasulanso pulagi n'kutionetsa. Kuyera kuja kunali kutayamba kusanduka kofiirira, ndipo anati ikayenda masiku angapo idzafanana ndi mtedza wokazinga bwino, ndiwo mtundu wa njinga yokhuta moyenera. Anadula kachithumwa kaja n'kuwapatsa eni ake m'manja. Waya ija anapatsa amayi. Iwo analowa m'nyumba n'kutulutsa poto wa kalongonda amene anabwerera kuchokera kumsika dzulo lake, n'kumuika pakati pa bwalo. Anthu anayang'anana. A Saizi anayamba kudya, n'kupempha mchere. Posakhalitsa poto anali mbee, ndipo mayi uja wa tsitsi la munthu ndi amene anakomba.

Za zovala zanga palibe anazitchulanso. Amalume sanapepese, ndipo amayi sanayembekezere kuti apepese. Chibale ndi fupa, sichiola, koma sichilankhulanso zambiri. M'mawa mwake ndikusesa pabwalo ndinamva njinga ikukwera chitunda mwamphamvu, ndipo itafika pamtengo wa mango inazima. Tsache linagwa m'manja mwanga. Kenako ndinaona dzanja la amalume lili pa kiyi. Anatsika, anavula chipewa, n'kunjuta pafupi ndi khonde.

"Mwadzuka bwanji, achemwali?"

"Tadzuka," anatero amayi, osasiya kusankha nyemba. "Pochoka ukankhe kaye. Ndayanika ufa."

Anakankha. Ndipo anachita zimenezo tsiku lililonse limene anadutsa panjira ija, mvula kaya dzuwa, mpaka chaka chimene amayi anamwalira, ali m'nyumba mwawo, ine nditawagwira dzanja.

Masiku ano njinga zamoto zili mbwee kwathu, palibenso mwana amene amazithamangira. Anyamata a kabaza amadziwa kabuleta kuposa mmene a Saizi ankadziwira, ngakhale ndimamva kuti nzeru ya waya ija sinafe. Chitunda chija anachisalaza pokonza msewu, moti wobwera lero sangakhulupirire kuti chinatsala pang'ono kupasula banja. Koma zina sizinasalazidwe. Ndikamva pawailesi kuti nkhalamba ina yathamangitsidwa m'mudzi chifukwa mwana wadwala kapena mvula yakana, ndimazizidwa ngati tsiku lija. Ife tinali ndi mwayi: tsoka lathu linali ndi masikuluu, linkatheka kumasula n'kuliyang'ana kudzuwa. Ambiri alibe choti atsegule.

Ine tsopano ndine mlangizi wa zaulimi, ndipo ndili ndi njinga yamoto ya kuntchito. Pulagi ndimaiyang'ana ndekha. Nyumba ija inagwa, patsala mtengo wa mango ndi maziko amene pamera chisoso. Anzanga amene ndimawakweza amadabwa, ena amafunsa ngati petulo watha. Ndimawauza kuti ayi, njinga ili bwinobwino, angodikira pang'ono. Ndikafika pamtengo paja ndimazimitsa, ndimavula chipewa, ndipo pochoka ndimakankha kaye.